Kuseka Pakhomo pa Wambanda

Madzulo a pa 30 Sepitembala 1990, anthu owerengeka a ku Britain amene anali ndi zipangizo zokokera zithunzi ku setilaiti, natsegula kanema wa Galaxy wa kampani ya British Satellite Broadcasting, anaona chinthu chimene chinali chisanalowepo m'nyumba zawo chiyambire: chitseko chinatseguka, nalowa Adolf Hitler, tindevu take tapamlomo tija tili pomwepo, akulankhula Chingerezi cha ku New York ngati bambo wotopa amene wangoweruka ku ntchito, nayamba kukangana ndi mkazi wake Eva Braun za kuchedwa kwake pa chakudya chamadzulo, uku khamu la anthu osaoneka likuwomba m'manja ndi kufa nalo phwete. Seweroli analitcha Heil Honey I'm Home!, amene analilemba ndi Geoff Atkinson, ndipo amene anavala nkhope ya Hitler anali Neil McCaul.

Olipanga anayamba ndi mawu olembedwa onena kuti ili ndi sewero lakale la ku America limene linatayika, n'kudzapezekanso patapita zaka zambiri. Chimenechi chinali chovala chabe cha seweroli, pakuti cholinga chawo chinali kutsanzira monyogodola masewero anthabwala a m'banja a zaka za m'ma 1950, onga I Love Lucy, m'mene mwamuna ndi mkazi amakangana pa zazing'ono, anansi amalowa osaodira, ndipo mavuto onse amatha theka la ola lisanakwane. Anansi a Hitler m'nyumba yosanjikizana ya ku Berlin anawapanga kukhala banja la Chiyuda, Arny ndi Rosa Goldenstein. Nkhani ya gawo loyamba inali yakuti Neville Chamberlain, nduna yaikulu ya Britain, akudza kudzacheza, Hitler alangiza Eva kuti anansiwo asamve, Eva aulula, anansi afika ndi mwana wa mbale wawo, mtsikana wosakwatiwa, kuti mwina mlendo wolemekezekayo angamuone, ndipo kalata ya pangano la mtendere itsirizira m'firiji.

Gawo limodzi lokhalo ndilo linaulutsidwa. Bungwe loimira Ayuda a m'dzikomo, la Board of Deputies of British Jews, linadandaula. Mu Novembala kampani ija inaphatikizana ndi Sky Television, kanema wa Galaxy natsekedwa chaka chisanathe, ndipo magawo ena amene anali atakonzedwa sanaonekenso. Koma mlandu suola. Gawo lija linasungika, ndipo kufikira lero anthu amalipeza pa intaneti, nalionera, nagawanika. Alipo amene amati ndi chonyansa chimene sichinayenera ngakhale kulowa m'mutu wa munthu, ndipo ena mwa iwo, kunena zoona, sanalione n'komwe, angomva dzina lokha, pamene akuluakulu anatichenjeza kale kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Alipo amene amaliikira kumbuyo, nati anthu sanalimvetse, linadza nthawi yake isanakwane, ndipo amene anakwiya ndi amantha osadziwa kucheza. Alipo enanso amene amati sanapezemo chokwiyitsa kapena chotamandika, koma kuti linali losaseketsa basi, nthabwala zake zinali zofwifwa, ndipo likanafa lokha ngakhale popanda wolitsutsa.

Wina angafunse kuti sewero la theka la ola, limene linafa tsiku lomwe linabadwa m'dziko lakutali, litikhudza bwanji ife; ndipo ndimuyankha kuti funso limene lagona pansi pake silili la Azungu okha, pakuti paliponse pamene pali manda a anthu ophedwa ndi anzawo, tsiku limadza lakuti mbadwo umene sunaone mwaziwo ufune kudziwa ngati nthawi yakwana yochitapo nthabwala. Ndiponso nkhondo imene Hitler anaiyatsa inafika ndi m'midzi mwathu momwe, nitenga anyamata a King's African Rifles kupita nawo ku Ethiopia ndi ku Burma, ena osabwerako. Funso ndi ili: kodi choipa chachikulu chiyenera kusekedwa, ndipo ngati chiyenera, achiseke ndani, ataima pati? Kuwerenga manja a osangalala ndi a okwiya sikungatithandize pamenepa, pakuti khamu limene linafuula pabwalo la Pilato linali lalikulu ndithu, ndipo linamvana chimodzi, koma linasankha Baraba.

Ndiyambe ndi iwo amene amati dzina la munthu uyu lisayandikire konse kumene kuli kuseka. Ndiwalemekeza, chifukwa ambiri a iwo amalankhula ndi chilonda chimene sichinapole, ndipo munthu amene makolo ake anatsirizikira m'ng'anjo za ku Auschwitz sayenera kuphunzitsidwa ndi ine za nthawi yoleka kulira. Koma lamulo lawo, likatengedwa lonse monga liliri, sindingathe kulivomera, pakuti Malemba Oyera omwe salivomera. Salimo lachiwiri litionetsa mafumu a dziko lapansi atasonkhana kupangana zoukira Wam'mwambamwamba, ndipo yankho loyamba lochokera kumwamba, mkwiyo usanadze, likhala kuseka. Eliya pa phiri la Karimeli, dzuwa lili paliwombo, anatonza aneneri a Baala kuti akweze mawu, popeza kapena mulungu wawo wachokapo, kapena tulo tamugwira. Yesaya anaseka mmisiri amene adula mtengo umodzi, mbali ina naphikira chakudya ndi kuwotha moto, mbali yotsalayo naigwadira. Ndipo Ayuda eni ake, chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Purimu, powerenga buku la Estere, amachita phokoso kuti dzina la Hamani lisamveke, ana awo atavala zoseketsa. Amaseka munthu amene anakonza zowatha onse tsiku limodzi.

Kuseka kotere kuli ndi ntchito yake yopatulika, ndiyo kubwezera munthu wodzikweza pa msinkhu wake weniweni. Pakuti wolamulira wankhanza amakhalira mantha a anthu monga nsabwe ikhalira mwazi, ndipo palibe chimene amachiopa koposa kuonedwa kuti ndi munthu wamba, wodya, wotsokomola ndi wodzafa. A chipani cha Nazi anachidziwa bwino chimenechi. Werner Finck, wazisudzo wa ku Berlin amene ankawabaya ndi mawu okuluwika akazitape awo ali pomwepo, anamutsekera mu 1935 m'msasa wachibalo wa Esterwegen. Wansembe wa Katolika Joseph Müller anasimba nthano ya msilikali amene pakufa anapempha kuti amuikire chithunzi cha Hitler mbali ino ndi cha mnzake Göring mbali inayo, kuti afe monga anafera Ambuye pakati pa achifwamba awiri aja. Bwalo la milandu la Roland Freisler linamuweruza kuti aphedwe, ndipo anamudula mutu pa 11 Sepitembala 1944. Nafenso amene tinakula isanafike riferendamu ya 1993 tikumbukira masiku amene munthu ankayamba wacheuka uku ndi uku asananene nthabwala yokhudza boma, ngakhale ali pa khonde la nyumba yake yomwe. Amene analawapo mantha otere sangapeputse ufulu woseka anthu amphamvu.

Koma Buku lomwelo limene litionetsa kuseka kwa kumwamba litionetsanso kuseka kwina, kumene nkhope yake ifanana ndi koyamba kuja monga bowa wakupha afanana ndi wodyedwa. Afilisti, mitima yawo itakondwa ndi phwando, anaitanitsa Samsoni wokolowoledwa maso kuti awasewerere. Amene anatenga Ayuda ukapolo ku Babulo anawaumiriza kuimba zachisangalalo m'mbali mwa mitsinje. Asilikali a Pilato anachita sewero lathunthu, la chovala chachifumu, bango m'dzanja, chisoti chaminga ndi kugwada kwachinyengo, ndipo ndikhulupirira kuti amene anali m'bwalomo anaseka ndi mtima wonse, popanda wowakakamiza. Mu Malichi 1938, dziko la Germany litameza Austria, Ayuda a ku Vienna, madoda ndi amayi omwe, anawagwaditsa m'misewu kuti akweche miyala ndi maburashi, ndipo zithunzi za masiku amenewo zilipo mpaka lero: mozungulira ogwadawo mwaima anansi awo, mano ali mbee. Nyuzipepala ya Der Stürmer ya Julius Streicher inaphunzitsa anthu kuseka nkhope ya Myuda zaka zambiri asanaphunzire kumupha, ndipo ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkasakaniza maina a oti aphedwe ndi nyimbo zovinitsa ndi nthabwala. Nchifukwa chake buku la Miyambo lifanizira munthu amene achitira mnzake chiwembu, kenaka n'kudzikanira kuti kunali kucheza chabe, ndi wamisala woponya zikuni zamoto.

Tsono popeza kuseka kuli pawiri, tidzakusiyanitsa ndi chiyani? Pano ndiona kuti makolo athu anatisiyira muyeso umene ngakhale anzeru a m'mabuku angausirire. M'midzi yambiri ya kwathu, pa maliro, amayi ali pasiwa ndipo anamfedwa sakutha ngakhale kumeza madzi, pamakhala anthu ena amene mwambo uwalola kuchita nthabwala, ndiwo adzukulu. Iwowa angathe kusereula, angathe kuumiriza eni mudzi kuti awaphere nkhuku, angathe ngakhale kutchula zofooka za malemu zimene wina aliyense sangayerekeze kuzitchula. Ndipo nthawi zina wofedwa amene wachezera kulira usiku wonse amangopezeka wamwetulira, mtima nutsikako pang'ono. Koma tawaonani anthuwo kuti ndi ayani. Ndi omwe analawira m'bandakucha ndi makasu kukalimbana ndi nthaka youma ndi mizu. Ndi omwe anagwira mtembo ndi manja awo, nausenza pamapewa, natsika nawo m'dzenje. Dothi la kumanda likali m'zikhadabo zawo. Ufulu wosekawo anaugula ndi thukuta, ndipo nthabwala zawo, zingathwe chotani, sizikana kuti pakhomopo pagwa zovuta, popeza zimanenedwa maliro ali pomwepo, aliyense akuwaona. Mlendo wodutsa ndi njira, amene sanagwire khasu kapena kukhala pansi kupepesa, atati anene mawu omwewo, mudzi wonse ungamuyese wopanda mwambo, ndipo ungakhale utalondola.

Ndi muyeso umenewu ndimvetsa chifukwa chake zisudzo zina zonyoza chipani cha Nazi zinakhala zaka zambiri anthu ochuluka osaipidwa nazo. Mel Brooks, Myuda wa ku Brooklyn amene anali msilikali wa America pa nkhondo ija, anapanga filimu ya The Producers mu 1967, m'mene Hitler asanduka chidole chovinitsidwa pabwalo la zisudzo. Koma m'kati mwa filimuyo muli oonerera amene akhala kukamwa kuli yasa ndi kunyansidwa, kotero kuti nkhaniyo siiwala kuti chinthucho n'chonyansadi. M'sewero la Hogan's Heroes, limene linayenda kuyambira 1965 kufikira 1971, Werner Klemperer, amene banja lake linathawamo m'Germany, anavomera kukhala mkulu wa msasa wa akaidi a nkhondo pokhapokha atamulonjeza kuti mkuluyo sadzapambana ndi kamodzi komwe. Ndipo mnzake Robert Clary anali ndi nambala yaukaidi yodindidwa pa mkono, atapulumuka ku Buchenwald abale ake ambiri ataphedwa. Awa ndiwo adzukulu. Komabe ndisafulumire kunena kuti mtundu wa munthu ndiwo umupatsa chilolezo, pakuti mlembi wa sewero la 1990 ananenapo kuti ambiri mwa amene anachita nawo anali Ayuda. Ndiponso adzukulu kawirikawiri sakhala a banja lofedwa. Chimene chiwayenereza ndi malo amene aimapo, pafupi ndi mtembo, osautembenukira msana.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndipempha owerenga kuti tikhalepo pang'ono. Sewero lanthabwala la m'banja lili ndi malamulo ake, amene aliyense wolionera amawadziwa ngakhale sanawaphunzire. Loyamba ndi lakuti m'dziko lake mulibe imfa: chimene chasweka lero chidzapezeka cholumikizika sabata yamawa, bambo wokalipa ndi wokalipa pakamwa pokha pamene mtima wake ndi wabwino, ndipo mnansi amene wapirikitsidwa madzulo adzabweranso m'mawa, nalandiridwa. Ndi dziko lopanda dzulo ndi mawa, lopanda kufesa ndi kukolola, motero lopanda chiweruzo. Lamulo lina, limene anthu salilingalira kawirikawiri, ndi lakuti woonera amakhala m'nyumba ya mwini nkhani. Kamera imaima m'chipinda chake chochezera, chitseko timachiona kuchokera m'kati, amene walowa osaodira ndiye wosokoneza, ndipo ife, tisanaganize n'komwe, timausa moyo pamodzi ndi mwini nyumba. Tsono ikani Hitler pa mpando wa mwini nyumba, ndi Ayuda pa chitseko, aphokoso, okonda za eni, osadziwa nthawi yotsanzika, monga seweroli linawaonetsera. Mudzaona kuti kwa theka la ola woonera wakhala akuphunzitsidwa kumva chinthu chimene sanayenera kuchimva ngakhale kamphindi, ndicho chakuti anthu awa ndi otopetsa, ndipo kukanakhala bwino akanachoka.

Tsiku limene seweroli linaulutsidwa linali lokwanitsa zaka 52 chichitikire zimene linkaseweretsazo. Pa 30 Sepitembala 1938, Chamberlain, atagwirizana ndi Hitler, Mussolini ndi Daladier ku Munich kuti dera la Sudetenland lichotsedwe ku Czechoslovakia, eni dziko osaloledwa kukhala nawo pa zokambiranazo, anapitadi ku nyumba ya Hitler mumzinda womwewo, namusainitsa kapepala kolonjeza mtendere, nakakaonetsa ku khamu losangalala pabwalo la ndege la Heston. Akale anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Atapita masiku 40 okha, usiku wa pa 9 Novembala, masunagoge mazanamazana anatenthedwa m'Germany ndi Austria monse, masitolo a Ayuda zikwizikwi anaphwanyidwa, ndipo amuna pafupifupi 30,000 anatengedwa kupita ku Dachau, Buchenwald ndi Sachsenhausen. Malamulo a ku Nuremberg a 1935 anali atawalanda kale unzika. Banja lenileni la Chiyuda la ku Berlin m'chaka chimenecho linalibe nthawi yoyenda m'makomo kufuna macheza. Linali pa mizere ya maofesi a akazembe kupempha ziphaso zotulukira, likugulitsa katundu wake motaya, likunong'ona m'nyumba mwake momwe. Sewero limene liika anthu otere ndi wowaphayo pa muyeso umodzi, ngati anansi awiri okanganirana malire a munda, lachotsa mtembo pasiwa kuti nthabwala ziyende bwino.

Oliikira kumbuyo ali nalo yankho, ndipo si lopepuka ayi. Amati zonsezi mlembi anazidziwa, nazichitira dala; amati amene ankabayidwa ndi andale opusa aja amene anayesa kuweta fisi ndi mawu okoma, ndiponso chizolowezi cha kanema chosandutsa chilichonse, ngakhale chowawa ngati ndulu, kukhala chotsekemera chogulitsira sopo. Ena amakumbutsanso za Hannah Arendt, amene ataonerera mlandu wa Adolf Eichmann ku Jerusalem mu 1961 anadabwa kupeza kuti wokonza masitima a imfa uja analibe maonekedwe a chilombo, anali ngati kalaliki wamba wosaganiza. Amati tsono kuonetsa Hitler ali m'khitchini ndiko kunena choona chomwecho. Ndivomera kuti cholinga chinali chotero, ndipo mlembiyo sindimuyesa wodana ndi Ayuda. Koma Arendt anaonetsa uwamba wa munthuyo ataunjika pambali pake umboni wonse wa ophedwa, kuti wowerenga agwidwe nthumanzi poona kuti manja wamba angathe kuchita zotere. Mukachotsapo ophedwawo, uwamba wokhawo utsala ngati chinthu chokondweretsa, ndipo wambanda asanduka wonga amalume aukali amene banja lonse limawakhululukira.

Ndiponso muvi ukachoka pa uta sufunsa mwini wake kumene ukagwe. Ku Britain komweko, kuyambira 1965, Johnny Speight analemba Till Death Us Do Part kuti anyoze tsankho kudzera mwa Alf Garnett, bambo wa pakamwa poipa wodana ndi anthu akuda ndi alendo. Koma Warren Mitchell, amene ankavala nkhope ya bamboyo, iye mwini ali Myuda, ankasimba kuti anthu ena ankamuimitsa panjira kumuthokoza chifukwa chowanenera za kumtima kwawo. Ku America, kumene sewero lomwelo linabadwanso mu 1971 ndi dzina la All in the Family, akatswiri awiri, Neil Vidmar ndi Milton Rokeach, anafunsa oonera a m'dzikomo ndi a ku Canada, nasindikiza mu 1974 zimene anapeza, kuti amene anali kale ndi tsankho ndiwo ankamusirira kwambiri Archie Bunker, amene anali Alf Garnett wa kumeneko, namuona ngati wonena zoona. Anthu awiri akhala pa mphasa imodzi, aseka nthawi imodzi, koma wina akuseka tsankho pamene mnzake akulisekerera. Wolemba nthabwala zotere angakhale ndi mtima woyera chotani, sangathe kusankha amene adzaseke, ndipo ayenera kudzifunsa, asanaponye muviwo, kuti mdani wa Ayuda atakhala pansi kuonera adzatuluka ali wamanyazi kapena wokhuta.

Chinanso chimene chindivuta ndi phwete la anthu osaoneka lija. Kuyambira zaka za m'ma 1950, pamene Charley Douglass, katswiri wa zamawu wa ku America, anapanga makina osungira kuseka kwa anthu kuti azikuthira m'masewero paliponse pamene pafunika, oonera kanema anazolowera kuuzidwa nthawi yoseka. Ndipo kaya kusekako kwachokera m'makina, kaya kwa anthu okhala m'nyumba yojambulira, ntchito yake ndi imodzi, ndiyo kuuza munthu amene ali yekha m'nyumba mwake kuti anzake onse aona kuti ichi n'choseketsa, nayenso asatsale. Henri Bergson, m'buku lake la 1900 lonena za kuseka, anaona kuti munthu saseka mnzake asanagoneke chifundo chake kwa kamphindi, ndi kuti kuseka kumafuna gulu. Kugoneka chifundo kwa kamphindi si tchimo pamene wina waterereka pamatope nadzuka wosavulala. Koma chikumbumtima ndi mlonda amene Mulungu anamuika pa chipata cha munthu aliyense payekha, ndipo zoopsa za m'zaka zija zinatheka chifukwa anthu mamiliyoni analola kuti khamu liwaganizire, liwakwiyire ndi kuwasekera. Kutenga chida chomwecho, chakuti seka poti anzako akuseka, ndi kuchigwiritsa pa nkhani yomweyo, kuli ngati kutsuka chilonda ndi madzi a m'chithaphwi chimene chinachiwoletsa.

Atsala aja amene amati mlandu wa seweroli ndi umodzi wokha, wakuti silinali loseketsa. Maganizo amenewa amamveka kawirikawiri, ndipo amaoneka ofatsa ndi anzeru. Koma ine ndiwo amandidetsa nkhawa koposa onse, chifukwa tanthauzo lake ndi lakuti likanakhala loseketsa likanakhala lolungama, ngati kuti luso ndi wansembe wokhululukira machimo. Ndani anaika phwete pa mpando woweruzira? Asilikali a Pilato aja akanakhala ndi luso loposa, kodi minga ikanaleka kubaya? Ndiganiza kuti anthu amenewa amanena zochepa kuposa zimene mitima yawo inamva. Nthabwala zofwifwa zomwezo amaziseka m'masewero ena tsiku ndi tsiku osadandaula. Pano kuseka kunawakanira pakhosi chifukwa mlonda uja anakana kugona, popeza anadziwa kumene a Goldenstein akupita, ngakhale seweroli linayesetsa kumuiwalitsa. Ndipo pochita manyazi kunena kuti chinthu ichi n'choipa, poopa kuyesedwa achikale ndi osadziwa kucheza, anasankha mawu osavuta akuti sichikoma. Ndikanakonda akanalimba mtima, natchula chimene anamvacho ndi dzina lake lenileni.

Charlie Chaplin, amene mu 1940 anaseka Hitler pamaso pa dziko lonse m'filimu ya The Great Dictator, pa nthawi imene America anali asanalowe nkhondo ndipo kutero kunafuna kulimba mtima, analemba m'mbiri ya moyo wake mu 1964 kuti akanadziwa zenizeni za m'misasa ija sakanatha kuipanga filimuyo. Ine ndithokoza kuti anaipanga, pakuti m'menemo wometa tsitsi wa Chiyuda ndiye mwini nyumba, ndipo ife tiima kumbali yake pamene asilikali adza kudzazunza. Koma mawu ake a pambuyowo ationetsa munthu amene kudziwa kunamulemera, monga kuyenera kulemera aliyense. Amene anapanga sewero la 1990 analibe chophimba cha kusadziwa chimene Chaplin anali nacho. Sindipempha kuti boma lililonse liletse masewero otere, pakuti lupanga loletsa nthabwala likaperekedwa kwa olamulira, oyamba kudulidwa nalo amakhala onga Finck ndi Müller. Kuweruza kumeneku n'kwa oonera, aliyense ndi chikumbumtima chake, ndipo ali ndi ufulu wonse wozima kanema ndi kunena poyera chifukwa chake. Kwa ine seweroli linalakwa. Kuchepetsa Hitler kunali koyenera, ndipo kudzakhala koyenera masiku onse. Koma ilo linachepetsa chimene Hitler anachita.

Amene afuna kudziwa gawo lotsiriza la nkhani ya anansi aja, limene silikanatheka kujambulidwa phwete likumveka kumbuyo, apite ku siteshoni ya sitima ya Grunewald, kumadzulo kwa Berlin, pa njanji ya nambala 17. Sitima yoyamba inanyamuka pamenepo pa 18 Okutobala 1941, itatenga Ayuda a mumzindamo oposa 1,000 kupita nawo ku Łódź, ndipo pofika 1945 oposa 50,000 anali atachotsedwa m'Berlin. M'mbali mwa njanjiyo anayalamo zitsulo, chilichonse cholembedwapo tsiku, chiwerengero cha anthu ndi kumene anapita nawo: Riga, Theresienstadt, Auschwitz.